MADOKO AMENE FRANCIS XAVIER WOYERA ADAKOCHEZAPO

Chaka ndi chaka pa 3 Disembala Mpingo umachita chikondwerero cha Francis Xavier Woyera, nkhoswe ya amishoni onse. Ambiri a ife timangomudziwa pa chithunzi: wansembe wandevu, mtanda uli m'manja, maso ali kumwamba. Ndi ochepa amene amadziwa kuti munthu ameneyu adakhalako miyezi isanu ndi umodzi kuno ku Africa, pa kachilumba ka kwa anansi athu ku Mozambique. Kuyambira mu 1541 mpaka pa imfa yake mu 1552 moyo wake udali wa pamadzi ndi wa m'madoko, motero njira yabwino yomvetsera mbiri yake ndiyo kutsata malo amene zombo zake zidakocheza. Tiyeni tsono tivundukule mapu a dziko lonse, tiyende naye.

Ku Javier ndi ku Paris

Francis adabadwa pa 7 Epulo 1506 m'nyumba yamalinga ya Javier, m'dziko la Navarre, limene lero mbali yake yaikulu ili mu Spain. Bambo ake, a Juan de Jasso, adali nduna ya mfumu, ndipo mayi ake adali a María de Azpilcueta. Iye adali mzime m'banjamo. Mu 1512 asilikali a Spain adalanda Navarre. Bambo ake adamwalira mu 1515, ndipo chaka chotsatira malinga a nyumba yawo adagwetsedwa. Banja lolemekezeka lija lidayamba kuona zakuda.

Mu 1525, ali ndi zaka 19, Francis adapita kukaphunzira ku Paris, pa sukulu ya Sainte-Barbe. Kwawo sadabwererenso, ndipo mayi ake adamwalira mu 1529 asadaonanenso nawo. Ku Paris adali mnyamata wanzeru, katswiri pa masewera olumpha, komanso wokonda ulemu. Cholinga chake chidali kupeza udindo wapamwamba mu Mpingo kwawo ku Pamplona kuti akweze dzina la banja lake.

M'chipinda chake ankagona ndi Peter Faber, mwana wa mlimi. Mu 1529 mudalowanso munthu wachikulire wotsimphina, dzina lake Ignatius wa ku Loyola, amene kale adali msilikali ndipo adavulala mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona mu 1521. Poyamba Francis ankamuseka. Ignatius sadakwiye. Ankamuthandiza ndi ndalama zikamuthera, kumupezera ophunzira oti aziwaphunzitsa, ndi kumukumbutsa kawirikawiri funso la Ambuye Yesu lonena za munthu amene apata zonse za pansi pano koma n'kutaya moyo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: patapita zaka zingapo mtima wa Francis udatembenuka.

Pa 15 Ogasiti 1534 anyamata asanu ndi awiri, Francis ali pomwepo, adachita malumbiro awo m'kachalitchi ka pa phiri la Montmartre. Amenewa ndiwo adali maziko a Chipani cha Yesu, chimene Papa Paul III adachivomereza mu 1540. Francis adalandira unsembe ku Venice pa 24 Juni 1537.

Lisbon: ulendo wa mnzake

Mfumu John III ya ku Portugal idapempha ansembe oti apite ku India. Ignatius adasankha awiri, Simão Rodrigues ndi Nicolás Bobadilla, ndipo dzina la Francis panalibe. Tsiku lonyamuka litayandikira Bobadilla adadwala kwambiri. Ignatius adaitana Francis, amene pa nthawiyo adali mlembi wake ku Rome, namuuza kuti apite m'malo mwa wodwalayo. Francis adavomera pomwepo. Adasoka mkanjo wake wong'ambika, ndipo m'mwezi wa Malichi 1540 adanyamuka. Iye ndi Ignatius sadaonanenso pansi pano.

Ku Lisbon adadikira pafupifupi miyezi isanu ndi inayi, popeza zombo za ku India zinkanyamuka kamodzi kokha pa chaka. Mfumu idamugwira Rodrigues kuti atsale ku Portugal. Akuluakulu adafuna kumupatsa Francis wantchito, poti Papa adali atamusankha kukhala kazembe wake ku maiko a kuvuma, koma iye adakana. Adasankha kumachapa yekha zovala zake ndi kumadziphikira.

Pa 7 Epulo 1541, tsiku limene adakwanitsa zaka 35, adakwera chombo chotchedwa Santiago pamodzi ndi bwanamkubwa watsopano wa India, Martim Afonso de Sousa. Anzake awiri, Paulo de Camerino ndi Francisco Mansilhas, adali naye.

Chilumba cha Mozambique: kudikira mphepo

Zombo za masiku amenewo zidalibe injini, zinkayenda ndi matanga okankhidwa ndi mphepo. Ngalande ya Suez kudalibe, choncho wopita ku India ankayenera kuzungulira Africa yense, kudzera ku Cape of Good Hope. Francis adadwala chizungulire cha pamadzi miyezi iwiri. Kufupi ndi Guinea mphepo idaleka, chombo n'kungoima pa dzuwa loswa mtengo kwa masabata angapo. Madzi akumwa adanunkha, chakudya chidaola, ndipo anthu adayamba kutupa nkhama ndi miyendo chifukwa chosowa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Francis adapereka chipinda chake kwa odwala, iye n'kumagona pa zingwe.

Kumapeto kwa Ogasiti 1541 adakocheza pa chilumba cha Mozambique. Pa nyanja ya India mphepo imaomba kulowera ku India kuyambira cha mu Epulo mpaka Sepitembala, kenaka imatembenuka. Zombo zawo zidafika mochedwa, motero adayenera kukhala pa chilumbapo miyezi isanu ndi umodzi. Kachilumbako n'kakang'ono, kotentha, kosowa madzi abwino, ndipo Apwitikizi ambiri ankafera pomwepo. Francis adakakhala ku chipatala. Ankasambitsa odwala, kuwadyetsa, kumva kulapa kwawo ndi kuika maliro. Nayenso adagwidwa ndi malungo aakulu mpaka kutsala pang'ono kufa, koma atangopezako bwino adabwerera kwa odwala aja.

Kachalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, kamene kadamangidwa pa chilumbachi mu 1522, kalipobe mpaka lero. Patapita zaka pafupifupi 20 wansembe wina wa chipani chomwechi, Gonçalo da Silveira, adadzera pa doko lomweli, nakwera mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete mpaka kwa mfumu Mwenemutapa, kumene adaphedwa mu 1561.

Malindi ndi Socotra

Kumapeto kwa Febuluwale 1542 bwanamkubwa adanyamuka pa chombo china, natenga Francis. Anzake awiri aja adatsala kuti asamale odwala. Doko lotsatira lidali Malindi, m'dziko limene lero ndi Kenya. Kumeneko mtima wake udakondwa ataona mtanda wamwala umene Vasco da Gama adaimika m'mbali mwa nyanja. Adaikako maliro a munthu amene adafera m'chombo, ndipo adacheza ndi mkulu wina wa Chisilamu amene adamudandaulira kuti mwa mizikiti 17 ya mumzindamo itatu yokha ndiyo inkalowa anthu.

Atachoka ku Malindi adaima pa chilumba chouma cha Socotra, chimene lero chili m'manja mwa dziko la Yemen. Adapezako anthu odzitcha akhristu, amene ankati chikhulupiriro chawo chidachokera kwa Tomasi Woyera, mtumwi. Ankalemekeza mtanda ndi kusala kudya, koma adalibe mabuku, sankadziwa kuwerenga, ndipo mapemphero ankangowaloweza m'chilankhulo chimene iwo eni sankachimva. Francis adabatiza ana angapo, napempha kuti atsale komweko, koma bwanamkubwa adakana. Pa Socotra adaona ndi maso ake chimene chimachitikira Mpingo ukasowa aphunzitsi.

Goa ndi gombe la asodzi

Pa 6 Meyi 1542, patatha miyezi 13 chichokere ku Lisbon, Francis adafika ku Goa, likulu la Apwitikizi ku India. Choyamba adakagwada pamaso pa Episkopi João de Albuquerque, namuonetsa makalata a Papa, n'kulonjeza kuti sadzawagwiritsa ntchito popanda chilolezo chake. Adapeza kuti ambiri mwa akhristu ochokera ku Ulaya adali atatayirira pa chikhristu chifukwa cha chuma ndi zachiwerewere. Iye adakakhalanso ku chipatala. M'mawa ankayendera odwala, akaidi ndi akhate, ndipo madzulo ankayenda m'misewu akuliza kabelu kuitana ana ndi akapolo ku katekisimu. Ziphunzitso ankaziika m'nyimbo kuti zisavute kuloweza.

Patangotha miyezi isanu adapita kumwera kwenikweni kwa India, kwa anthu a mtundu wa Parava, amene ntchito yawo idali kumira m'nyanja kufunafuna ngale. Anthuwa adabatizidwa zaka zingapo m'mbuyomo pofuna chitetezo cha Apwitikizi, koma panalibe wowaphunzitsa. Francis adasonkhanitsa anthu odziwako Chipwitikizi, ndipo pamodzi adamasulira m'chilankhulo cha Tamil chizindikiro cha mtanda, Kumvera kwa Apostoli, Malamulo Khumi, Atate Athu ndi Tikuoneni Maria. Iye adaziloweza zonsezo n'kumayenda mudzi ndi mudzi. Masiku ena mkono unkachita kulema chifukwa chobatiza, mawu n'kusasa. M'mudzi uliwonse ankasiyamo mphunzitsi wotsogolera mapemphero, monga momwe amachitira akatekisiti athu lero. Ku Travancore mu 1544 adabatiza anthu oposa 10,000 m'mwezi umodzi.

Chimene chinkamuwawa kwambiri ndi khalidwe la akazembe ena a Chipwitikizi amene ankabera ndi kuzunza asodzi osaukawo. Adalembera mfumu ya ku Portugal mosabisa mawu, kuikumbutsa kuti idzayankha mlandu pamaso pa Mulungu.

Malacca ndi zilumba za Maluku

Mu 1545 Francis adakapemphera miyezi ingapo pa manda a Tomasi Woyera ku Mylapore, kufunsa Mulungu kumene ayenera kulowera. Mu Sepitembala chaka chomwecho adafika ku Malacca, m'dziko la Malaysia la lero. Limeneli lidali doko lalikulu kumene amalonda a ku India, Arabia, Java ndi China ankakumana. Adayamba kumasulira mapemphero m'chilankhulo cha Malay.

Kumayambiriro kwa 1546 adapitirira kuvuma ku zilumba za Maluku, mu Indonesia wa lero, kumene kunkachokera zonunkhiritsa chakudya zimene ku Ulaya zinkagulidwa pa mtengo wokwera zedi. Adakocheza ku Ambon, kenaka ku Ternate. Ku Ternate ziphunzitso zake zidagwira mtima, mwakuti alimi m'minda ndi asodzi m'mabwato ankaimba mapemphero m'malo mwa nyimbo zawo zakale. Anzake adamuletsa kupita ku zilumba za Moro poopa kuti akamupha ndi chiphe, mpaka adafuna kumumana bwato, koma iye adapitabe, nakhalako miyezi itatu. Anthu amasimba kuti pa ulendo wina m'zilumbazi mtanda wake udagwera m'nyanja ndipo nkhanu idautulutsira pa gombe, n'chifukwa chake pa zithunzi zina pamakhala nkhanu.

M'maulendo onsewa Francis adali munthu wosungulumwa. Kalata yochokera ku Rome inkatenga chaka kapena zaka ziwiri kuti imupeze. Iye ankadula m'makalatamo pamene anzake adasaina maina awo, n'kumavala timapepalato m'khosi pamodzi ndi mawu a malumbiro ake.

Kagoshima, Kyoto ndi Yamaguchi

Mu Disembala 1547 ku Malacca adakumana ndi Anjirō, munthu wa ku Japan amene adathawa kwawo atapha munthu, ndipo mtima wake udalibe mtendere. Anjirō adabatizidwa ku Goa mu 1548. Zimene adasimba za dziko lake zidamukoka Francis. Pamodzi ndi Bambo Cosme de Torres, Bulazala Juan Fernández ndi Anjirō yemweyo, adakwera chombo cha munthu wa ku China ku Malacca, ndipo pa 15 Ogasiti 1549 adakocheza ku Kagoshima.

Ku Japan zinthu zidavuta. Chilankhulo chidamukanika, mwakuti pakati pa anthu ankangokhala duu ngati chosema. Pomasulira dzina la Mulungu adatenga mawu akuti Dainichi amene Anjirō adamuuza. Patapita nthawi adazindikira kuti dzinali n'la chipembedzo cha Buddha, ndipo anthu ankayesa kuti iye wabweretsa nthambi ina ya chipembedzo chomwecho. Sadachite manyazi kukonza: adasiya mawuwo n'kuyamba kugwiritsa ntchito mawu a Chilatini akuti Deus.

Atakhala chaka ku Kagoshima adapita ku Hirado ndi ku Yamaguchi, kenaka adayenda m'nyengo yachisanu, mapazi akutupa ndi kung'ambika, mpaka ku Kyoto, kumene adafika mu Januwale 1551. Ankafuna kuonana ndi mfumu yaikulu kuti imulole kulalika m'dziko lonse. Adapeza mzinda utawonongeka ndi nkhondo, mfumuyo ilibe mphamvu, ndipo alonda adamubweza pa chipata poona nsanza zake ndi manja ake opanda mphatso. Adakhalako masiku 11 okha.

Apa Francis adaphunzira kuti umphawi umene udamutsegulira mitima ya asodzi a ku India unkamutsekera zitseko ku Japan. Adabwerera ku Yamaguchi atavala zovala zaulemu monga kazembe, atanyamula makalata ndi mphatso, zina mwa izo wotchi ndi magalasi a maso. Mfumu ya kumeneko, Ōuchi Yoshitaka, idamulola kulalika, nimupatsa kachisi wopanda anthu kuti azikhalamo. M'miyezi iwiri anthu pafupifupi 500 adabatizidwa. Mmodzi mwa iwo adali woimba wosaona bwino amene adatchedwa Lourenço, ndipo pambuyo pake adalowa m'chipani, nakhala mlaliki wamphamvu.

Anthu a ku Yamaguchi ankafunsa mafunso usana ndi usiku. Funso limene linkawaliritsa lidali lokhudza makolo awo amene adamwalira asadamve za Khristu. Francis adawafotokozera kuti lamulo la Mulungu lidalembedwa m'mitima ya anthu onse kuyambira kale, komabe za iwo amene adatayika adalibe mawu owatonthoza, ndipo iye mwini zidamumvetsa chisoni. Funso lomweli adalifunsanso agogo athu kwa amishoni oyamba. Msonkhano wachiwiri wa Vatican udaphunzitsa momveka mu 1964 kuti munthu amene sadamve Mthenga Wabwino popanda kulakwa kwake, koma amafunafuna Mulungu ndi mtima woona ndi kutsata chikumbumtima chake, angathe kupulumuka.

Funso lina lidali lakuti, ngati chiphunzitso chimenechi n'choona, bwanji anzeru a ku China sakuchidziwa? Francis adaona kuti khomo la Japan lili ku China. Mu Novembala 1551 adachoka ku Japan, nasiyako de Torres ndi Fernández.

Shangchuan: doko lotsiriza

Nthawi imeneyo dziko la China silinkalola alendo, ndipo wolowa mobisa ankaponyedwa m'ndende. Francis adakonza zoti mnzake wamalonda, Diogo Pereira, apite ngati kazembe wa Portugal, iye n'kulowa naye limodzi. Adanyamuka ku Goa mu Epulo 1552. Atafika ku Malacca, mkulu wa pa dokopo, Álvaro de Ataíde, mwana wa Vasco da Gama, adaletsa Pereira kupitirira. Amene adatseka njira adali mkhristu mnzake.

Francis adapitabe, ndipo kumapeto kwa Ogasiti adafika pa chilumba cha Shangchuan, pamene mtunda wa China unkaoneka ndi maso. Adapangana ndi wamalonda wina wa ku China kuti adzamutenge mobisa kupita ku Canton. Adadikira, koma munthuyo sadabwere. Zombo za Apwitikizi zidachoka chimodzichimodzi, chisanu chidafika, chakudya chidachepa. Pa 21 Novembala adagwidwa ndi malungo. Adagona m'kachisakasa kolowa mphepo, ndipo womudwazika adali mnyamata wa ku China, dzina lake António. M'bandakucha wa pa 3 Disembala 1552 Francis adamwalira akutchula dzina la Yesu, ali ndi zaka 46. Pa maliro ake padali anthu owerengeka chabe. Mu 1553 Ignatius adalemba kalata yomuitana kuti abwerere ku Ulaya, osadziwa kuti mnzakeyo adatisiya kale.

Thupi lake adalikwirira ndi laimu kuti liwole msanga, mafupa asavute kunyamula. Atafukula mu Febuluwale 1553 adalipeza losawola. Adapita nalo ku Malacca, kenaka ku Goa mu 1554, kumene lili mpaka lero m'tchalitchi cha Bom Jesus. Amalionetsa kwa anthu pafupifupi zaka khumi zilizonse, monga zidachitikira kuyambira Novembala 2024 mpaka Januwale 2025. Mkono wake wamanja udatumizidwa ku Rome mu 1614. Papa Gregory XV adamuika m'gulu la oyera pa 12 Malichi 1622, tsiku limodzi ndi Ignatius, ndipo mu 1927 Papa Pius XI adamuika kukhala nkhoswe ya mishoni pamodzi ndi Thérèse Woyera wa ku Lisieux. M'chaka chimene Francis adamwalira, ku Italy kudabadwa Matteo Ricci, amene adakhazikika ku China mu 1583.

Zimene tingatolepo

Francis adali munthu wa nthawi yake ndipo adali ndi zofooka. Adali waukali kwa anzake aulesi, ankalimbikitsa ana kuphwanya mafano a zipembedzo zina, ndipo mu 1546 adapempha mfumu kuti ku Goa kukhale bwalo loweruza opotoza chikhulupiriro. Bwalolo lidakhazikitsidwa mu 1560, iye atamwalira, ndipo lidazunza anthu ambiri. Lero Mpingo umatiphunzitsa kulemekeza anthu a zipembedzo zina ndi kukambirana nawo. Woyera ndi munthu amene adadzipereka kwathunthu kwa Mulungu ndi nzeru zimene adali nazo, ndipo adalola kuphunzira pamene adaona kuti waphonya.

Anzanga aseminale, nthawi yambiri ya Francis idathera pa kudikira: ku Lisbon, ku Mozambique, ku Malacca, ku Shangchuan. Sadaione nthawiyo ngati yotayika. Pa doko lililonse ankafunsa kumene kuli chipatala, ndende ndi ana. Nafenso zaka zathu za kuno zingaoneke zambiri, ndipo unsembe uli patali. Koma mnzathu wodwala, ntchito ya kumunda, Chilatini ndi Chingerezi zimene zikutivuta, zonsezi ndi ntchito ya pa doko limene tilipo lero. Munthu amene adasautsika ndi zilankhulo za Tamil, Malay ndi Chijapani angatiuze phindu la kulimbikira m'kalasi.

Kwa inu makolo athu, mayi a Francis adalola mzime wawo kupita kutali pa nthawi imene banja lidali pa mavuto, ndipo sadaone zipatso zake ndi maso awo. Nsembe yanu potilipirira sukulu ndi kutilola kuchoka pakhomo si yaing'ono, ndipo Mulungu akuiona. Mutipempherere kuti tsiku limene Mpingo udzatiuze kupita kumene sitidayembekeze, kaya ndi ku parishi ya kumudzi kwenikweni kaya ndi kutsidya kwa nyanja, tidzavomere msanga monga adachitira Francis Xavier Woyera.